Khoswe wa pamkhate: zomwe zidagwedeza bungwe la ofukula zakale ku America

Mu Epulo 2019 akatswiri zikwizikwi ofukula zinthu zakale adasonkhana mumzinda wa Albuquerque, m'chigawo cha New Mexico ku America, pamsonkhano wa nambala 84 wa bungwe lawo la Society for American Archaeology, lomwe pachidule amalitcha SAA. Pakati pa khamulo padali amayi atatu mwa amayi asanu ndi anayi amene adakadandaula ku University of Alaska Anchorage kuti pulofesa wina wa pasukulupo adawachitira nkhanza zokhudza kugonana. Sukuluyo idafufuza, idapeza kuti madandaulowo adali oona, ndipo pa 8 Epulo idaletsa mkuluyo kupondanso pamalo ake. Patangopita masiku ochepa, amayiwo adamuona akuyenda mwaufulu m'makonde a nyumba ya msonkhano, chiphaso cha SAA chikulendewera pachifuwa.

Chodabwitsa n'chakuti woyamba kuthamangitsidwa pamsonkhanowo adali munthu wina. Mtolankhani wa nkhani za sayansi, Michael Balter, ataona kuti akuluakulu a bungwe akuzengereza, pa 11 Epulo adamuperekeza yekha pulofesayo mpaka kunja kwa nyumbayo. SAA idayankha polanda Balter chiphaso, ngakhale kuti iye adayenera kuyankhula pa zokambirana zokhudza nkhanza zomwezi. Pulofesayo adadzachotsedwa mawa lake, pa 12 Epulo, mkwiyo wa mamembala utasefukira kale pa Twitter.

Mu 2024 bungweli lidatulutsa mfundo zake za makhalidwe oyenera pantchito zolembedwanso mwatsopano, ndipo ambiri adaziona ngati mathero a ulendo wodzikonza womwe udafulumizidwa ndi manyazi a ku Albuquerque. Koma funso lomwe masiku awiri aja adasiya likadali pomwepo, ndipo limakhudza bungwe lililonse la anthu ophunzira, kaya la maloya, la aphunzitsi kapena la atolankhani. Kodi bungwe lomwe anthu amalowa mwakufuna kwawo, n'kumalipira ndalama ya umembala, lingathe kulanga mmodzi mwa akuluakulu ake pofuna kuteteza wamng'ono?

Malamulo adalipo, owagwiritsa ntchito padalibe

SAA idakhazikitsidwa mu 1934 ndipo ili ndi mamembala pafupifupi 7,000. Muli mapulofesa, ophunzira, ogwira ntchito m'boma, osunga zinthu zakale m'mamiyuziyamu, komanso akatswiri a m'makampani omwe amapima malo msewu kapena damu lisanamangidwe. Msonkhano wake wa pachaka ndiwo msika waukulu wa ntchitoyi ku America. Wophunzira amapita kumeneko kukaonetsa zomwe wapeza, kukadziwana ndi omwe angadzamulembe ntchito, ndi kukamva za thandizo la ndalama za kafukufuku. Wosapitako amatsalira. Choncho mayi amene wathawa msonkhano chifukwa choopa womuzunza amataya zambiri kuposa masiku anayi aja.

Sikuti bungweli lidalibe mfundo. Mu 1996 lidavomereza mfundo zisanu ndi zitatu za makhalidwe. Zidanena za kusamalira malo akale m'malo mwa anthu onse, kukambirana ndi anthu okhudzidwa ndi kafukufuku, kukana kugulitsa zinthu zofukulidwa, kuphunzitsa anthu wamba, kufalitsa zomwe zapezeka, kusunga bwino zolemba, ndi kusayamba kukumba popanda luso ndi zipangizo zokwanira. Mu 2016 adawonjezera mfundo yachisanu ndi chinayi yofuna kuti malo ophunzirira ndi ogwirira ntchito azikhala opanda nkhanza. Izi zikutanthauza kuti pomwe zinkachitika za ku Albuquerque, mfundo yoletsa nkhanza idali itatha kale zaka zoposa ziwiri ili papepala.

Vuto lidagona pa mtundu wa mfundozo. Zidalembedwa ngati zolinga zoti membala aziyesetsa kuzifikira, ndipo padalibe bwalo lozenga wozinyozera. Ntchito yolandira madandaulo ndi kupereka chilango idasiyidwa m'manja mwa bungwe lina, Register of Professional Archaeologists, lomwe lidayamba mu 1998. Limenelo lili ndi mphamvu yochotsa munthu m'kaundula wake, koma kulembetsa m'kaundulamo n'kwa kufuna kwa munthu. Katswiri akhoza kukhala membala wa SAA moyo wake wonse, kuphunzitsa, kukumba ndi kulandira mphoto, osalowa m'kaundulayo ngakhale tsiku limodzi.

Owerenga a kuno kwathu angaone kusiyana kwake poyerekeza ndi Medical Council of Malawi. Dotolo sangagwire ntchito popanda kulembedwa ndi khonsoloyo, chifukwa mphamvu zake zimachokera m'lamulo la Nyumba ya Malamulo, ndipo akachotsedwa m'kaundula ndiye kuti ntchito yathera pomwepo. SAA ilibe ndodo yotere. Chilango chachikulu chomwe ingapereke n'kutsekera munthu chitseko cha msonkhano kapena kumulanda umembala. Mu 2019 akuluakulu ake adachita ngati ngakhale chitsekocho alibe makiyi ake.

Chimachititsa kuzengereza n'chiyani?

N'kosavuta kunena kuti akuluakuluwo adali ouma mtima, koma kutero n'kuphonya phunziro. Zomwe zidawamanga manja zimapezeka m'mabungwe ambiri, ngakhale otsogoleredwa ndi anthu abwino.

Choyamba ndi mantha a milandu. Ku America munthu wothamangitsidwa pamsonkhano akhoza kusumira bungwe kuti lamuipitsira mbiri, ndipo bungwe laling'ono lingathe kugwa ndi ndalama zolipira maloya zokha. Motero ogwira ntchito muofesi amaphunzira kufunsa funso limodzi asanachite kanthu: kodi dandaulo lafika mwadongosolo? SAA idadziteteza ponena kuti idachitapo kanthu itangolandira madandaulo mwanjira yoyenera, pomwe odandaula ndi owathandiza adati akuluakulu adauzidwa kale tsiku lapitalo. Apa dongosolo, lomwe cholinga chake n'kuteteza chilungamo, lidasanduka chobisalamo. Yunivesite idali itafufuza kale, wailesi ya kanema ya ku Alaska idali itaulutsa kale zotsatira zake, koma bungwe lidadikirabe kuti amayi omwewo abwerezenso nkhani yawo kwa anthu osawadziwa.

Chachiwiri ndi kagawidwe ka mphamvu. Bodi ya SAA ndi ya akatswiri osankhidwa ndi mamembala, omwe amatumikira mongodzipereka kwa zaka zowerengeka uku akugwira ntchito zawo zina. Zochitika za tsiku ndi tsiku zimayendetsedwa ndi ogwira ntchito olembedwa ku likulu ku Washington. Pakagwa zadzidzidzi, bodi imayembekezera uphungu wa ofesi, ofesi imayembekezera uphungu wa loya, ndipo nthawi imapita. Ku Albuquerque zidafika poipa chifukwa udali msonkhano womwe pulezidenti wakale ankatula udindo kwa watsopano. Joe Watkins, katswiri wa mtundu wa Choctaw, adalandira mpando moto uli mkati moyaka, ndipo ntchito yake yoyamba idakhala kupepesa.

Chachitatu, chomwenso n'chozama kuposa zinazi, ndi kudalirana kwa anthu a ntchito imodzi. Akatswiri ofukula zakale ngochepa ndipo amadziwana. Amene lero akudandaulidwa ndi yemwe dzulo adakulemberani kalata yokuchitirani umboni, kapena amene mawa adzawerenge pempho lanu la ndalama. Akale adati khoswe akakhala pamkhate sapheka, poti woponya mwala amaopa kuswa mkhate. Pulofesa wotchuka amakhala pamwamba pa zinthu zomwe anzake safuna kuti zisweke: mbiri ya dipatimenti, chilolezo chokumba malo ena, ndalama zochokera kwa othandiza. Wophunzira sakhala pa chilichonse, n'chifukwa chake kumutaya kumaoneka kotsika mtengo.

Kaphunziridwe ka ntchitoyi kamawonjezera chiopsezo. Luso lofukula saliphunzira m'kalasi mokha. Wophunzira amayenera kukakhala masabata angapo kuthengo, m'misasa, kutali ndi kwawo, pansi pa munthu mmodzi yemwe ali ndi galimoto, chakudya, malikisi ndi tsogolo lake m'manja. Kafukufuku yemwe adafalitsidwa mu 2014 m'magazini ya sayansi ya PLOS ONE, motsogozedwa ndi Kathryn Clancy, adafunsa anthu 666 ochita kafukufuku wa kuthengo m'maphunziro osiyanasiyana, kuphatikizapo ofukula zakale. Anthu 64 mwa 100 aliwonse adati adachitidwapo zachipongwe zokhudza kugonana, ndipo oposa 20 mwa 100 aliwonse adati adagwiridwapo thupi mowakakamiza. Amayi ambiri adati owachitira zimenezi adali owayang'anira. Anthuwo adayankha mwakufuna kwawo, kotero ziwerengerozi sizingaimire aliyense wa ntchitoyi, komabe palibe mtsogoleri wa bungwe amene mu 2019 akadanena kuti sadamvepo za vutoli.

Mamembala adagwira chiwongolero

Chomwe chidasintha zinthu ndi mamembala wamba. Anthu oposa 2,000 adasaina kalata yodzudzula bungwe. Ena adatula maudindo m'makomiti, ena adasiya umembala. Koma gulu lina lidachita chinthu chanzeru kuposa kukwiya: lidatsegula malamulo oyendetsera bungwe, lidapeza ndime yolola mamembala kubweretsa okha pempho losintha malamulowo akasonkhanitsa masiginecha okwanira, ndipo lidaigwiritsa ntchito. Kumapeto kwa 2019 mamembala adavota ndipo malamulo adasinthidwa kuti munthu yemwe khoti kapena bungwe lina lovomerezeka lamupeza wolakwa pa nkhanza athe kuletsedwa kufika pamisonkhano ya SAA. Pambuyo pake bungwe lidayamba kufuna kuti oyankhula pamsonkhano azitsimikiza okha kuti sadapezekepo olakwa pa milandu yotere, ndipo lidaika anthu oima paokha oti wovutika azikawafikira mwachinsinsi.

Pali omwe adadandaula ndi njira imeneyi, ndipo nkhawa zawo n'zosafunika kuzikankhira kumbali. Bungwe la akatswiri si khoti. Lilibe apolisi, silingaitanitse mboni mokakamiza, ndipo likayamba kuweruza potengera mphekesera za pa intaneti likhoza kuwononga munthu wosalakwa. Mayunivesite nawo amalakwitsa pofufuza. Komanso lamulo lodalira chigamulo cha bungwe lina lili ndi chibowo chachikulu. Ozunza ambiri sadaweruzidwepo kulikonse, chifukwa ozunzidwa adaopa kudandaula kapena chifukwa sukulu idalola munthuyo kupuma pantchito mwakachetechete kafukufuku asanathe. Lamulo latsopanoli limagwira okhawo omwe adagwidwa kale kwina.

Ngakhale zili choncho, njira yomwe SAA idasankha ili ndi nzeru yake. Bungwe silidadzipatse ntchito yozenga milandu yomwe silingaikwanitse. Lidangovomera kuti pomwe bwalo loyenera lamva mbali zonse ndi kugamula, ilo silingachite ngati silidamve. Kuletsa munthu kufika pamsonkhano n'kosiyana ndi kumutsekera m'ndende, ndipo umboni wofunika pa ziwirizi sungafanane. Mwini ukwati ali ndi ufulu wokaniza pakhomo munthu amene adamenya mlendo wake dzulo, popanda kudikira kuti apilo ithe.

Chinanso choyenera kuchiona n'chakuti chida chomwe chidagwira ntchito chidali ndime yakale ya m'malamulo yomwe ambiri sankaiwerenga. Mamembala ochuluka m'mabungwe athu amalipira ndalama, amadya nkhomaliro ya pamsonkhano waukulu, amaombera m'manja osankhidwa, koma sadatsegulepo malamulo oyendetsera bungwe lawo. Tsiku la mavuto likafika amapeza kuti malamulowo adapereka mphamvu zonse kwa komiti yaikulu ndipo iwo alibe polowera.

Mafupa a makolo a eni

Mayeso achiwiri sadachedwe. Mu Epulo 2021, pamsonkhano womwe udachitikira pa intaneti chifukwa cha mliri wa Covid-19, SAA idalola Elizabeth Weiss wa ku San José State University ndi loya James Springer kupereka nkhani yotsutsa kubweza mafupa a anthu akale kwa mitundu ya eni nthaka a ku America. Iwo adati malamulo obwezera mafupa amaika zikhulupiriro za chipembedzo pamwamba pa sayansi. Mamembala ambiri, makamaka ochokera m'mitundu ya eni nthakayo, adaona kuti bungwe lawapereka. M'mwezi womwewo SAA idali itangovomereza chikalata chatsopano cha kasamalidwe ka mafupa a anthu, cholowa m'malo mwa cha 1986, chomwe chimatsindika ulemu ndi kukambirana ndi zidzukulu za omwalirawo.

Kuti timvetse ukali wa mkanganowu tiyenera kukumbukira mbiri yake. Kwa zaka zoposa 100 manda a eni nthaka ankafukulidwa popanda kupempha aliyense, ndipo mafupa ankaikidwa m'makatoni m'mayunivesite ndi m'mamiyuziyamu. Mu 1990 dziko la America lidakhazikitsa lamulo lotchedwa NAGPRA lolamula kuti mabungwe olandira ndalama za boma awerenge mafupa ndi zinthu zopatulika zomwe akusunga ndi kuzibweza kwa eni ake. Komabe mu 2023 atolankhani a ProPublica adapeza kuti mafupa a anthu oposa 110,000 adali asanabwezedwe. Mu Januwale 2024 boma lidakhwimitsa ndondomeko za lamulolo, ndipo American Museum of Natural History ya ku New York idatseka zipinda ziwiri zazikulu zoonetsera zinthu za eni nthaka.

Nkhani ya Weiss ndi yovuta kuposa ya ku Albuquerque, ndipo kuziphatikiza n'kulakwitsa. Ku Albuquerque nkhani idali ya khalidwe lomwe bwalo lidali litagamula kale. Mu 2021 nkhani idali ya maganizo. Bungwe la ophunzira likayamba kusankha maganizo oti amveke potengera kuchuluka kwa okwiya, tsiku lina lidzatsekera pakamwa munthu wonena zoona zosakondweretsa. Anthu a kum'mwera kwa Africa akudziwa kuopsa kwake. Boma la azungu la Rhodesia silinkafuna kumva kuti mzinda wa miyala wa Great Zimbabwe udamangidwa ndi anthu akuda, ndipo katswiri Peter Garlake, yemwe adakana kubisa umboniwo, adachoka m'dzikomo mu 1970.

Koma mbali inayo nayo ili ndi mfundo yolemera. Msonkhano wa akatswiri umasefa kale nkhani zoti ziperekedwe, ndipo kusefako ndi mbali ya ntchito yake. Ngati bungwe lalemba kuti mamembala ake azilemekeza zidzukulu za anthu omwe akuwafufuza, lingapereke bwanji nsanja kwa wonena kuti mawu a zidzukuluzo alibe malo? Palibe yankho lokhutiritsa onse. Chomwe bungwe lingachite n'kulemba poyera, mkangano usanabuke, muyeso womwe limagwiritsa ntchito posankha nkhani, kunena amene amasankha, ndi kupereka njira yodandaulira. Chigamulo chopangidwa usiku chifukwa cha phokoso chimakayikitsa ngakhale chitakhala cholondola.

Phunziro la ku Southampton

Mikangano yotere si yachilendo pantchitoyi, ndipo waukulu mwa yonse udakhudza chigawo chathu chino. Mu 1986 mzinda wa Southampton ku Britain udayenera kuchititsa msonkhano wa bungwe la dziko lonse la akatswiri a mbiri yakalekale, lodziwika kuti IUPPS. Khonsolo ya mzindawo, bungwe la aphunzitsi a m'mayunivesite, ophunzira ndi magulu olimbana ndi tsankho adaumirira kuti akatswiri ochokera ku South Africa ndi Namibia asaloledwe, potsatira kunyanyala boma la tsankho. Okonza msonkhano, motsogozedwa ndi Peter Ucko, adavomera. IUPPS idakana kuuvomereza msonkhanowo ponena kuti sayansi siyenera kusankha anthu potengera dziko lawo, ndipo idakachititsa wake ku Mainz, ku Germany, mu 1987. Akatswiri ambiri a ku Ulaya ndi ku America adanyanyala Southampton.

Mbali zonse ziwiri zidali ndi chonena. Ena mwa oletsedwawo adali odana ndi tsankho, ndipo kafukufuku wa akatswiri a ku South Africa ndiye adathandiza kugwetsa bodza lakuti azungu adapeza dzikolo lopanda anthu, poonetsa kuti alimi akuda adakhalako zaka mazanamazana azungu asanafike. Koma msonkhano wa Southampton udachitikabe mu Sepitembala 1986, udadzaza ndi nthumwi za ku Africa, Asia, South America ndi mitundu ya eni nthaka zomwe kale sizinkamveka, ndipo udabala bungwe latsopano la World Archaeological Congress. Bungwe limeneli ndilo lidavomereza pangano la Vermillion la 1989 lolemekeza mafupa a akufa ndi zofuna za abale awo. Mu 1999, tsankho litagwa, lidakachititsa msonkhano wake ku Cape Town.

Komatu nalo lidapunthwa. Pamsonkhano wake wa ku New Delhi mu Disembala 1994, atsogoleri adagonjera pempho la okonza a ku India loletsa kukambirana za kugumulidwa kwa mzikiti wa Babri ku Ayodhya, komwe kudachitika mu 1992 ndipo kudakhudza umboni wa ofukula zakale. Bungwe lomwe lidabadwa ponena kuti sayansi singathawe ndale lidatseka pakamwa mamembala ake pa nkhani ya ndale yomwe inkawakhudza mwachindunji. Chiyambi chabwino sichitchinjiriza bungwe mpaka kalekale. M'badwo uliwonse wa atsogoleri umayesedwa pawokha, ndipo nthawi zambiri umayesedwa pomwe ndalama za msonkhano zalipidwa kale ndipo alendo ali m'mahotela.

Nanga kwathu kuno?

Malawi ali m'kati mwa nkhaniyi chifukwa nthaka yake imakopa ofufuza a kunja. J. Desmond Clark adakumba pa Mwanganda ku Karonga m'zaka za m'ma 1960, ndipo magulu a m'mayunivesite a ku America ndi maiko ena akhala akubwerera ku Karonga ndi kuphiri la Hora ku Mzimba. Zojambula za pamiyala za ku Chongoni, zomwe zili pamalo 127, zidalowa m'kaundula wa UNESCO mu 2006. Katswiri wathu Yusuf Juwayeyi adafukula Mankhamba, pafupi ndi Mtakataka, n'kuunikira mbiri ya likulu la mafumu a Amaravi. M'magulu ofukulawa mumakhala ophunzira a m'mayunivesite athu, ogwira ntchito ku dipatimenti ya boma yoona za zinthu zakale, ndi anthu a m'midzi olembedwa ganyu yokumba ndi kusefa dothi.

Ambiri mwa ofufuza obwerawa ndi mamembala a mabungwe ngati SAA, Society of Africanist Archaeologists, Association of Southern African Professional Archaeologists kapena PanAfrican Archaeological Association, yomwe chiyambi chake ndi msonkhano womwe Louis Leakey adaitanitsa ku Nairobi mu 1947. Choncho mphamvu kapena kufooka kwa mfundo za mabungwe amenewa kumafika mpaka pamsasa wa kumudzi kwathu. Zinthu zitalakwika pamsasa wotere, mtsikana wa chaka chachitatu payunivesite kapena mayi wolembedwa ganyu angakadandaule kuti? Lamulo la Gender Equality Act la 2013 limaletsa nkhanza zokhudza kugonana ndipo limapereka chilango, koma mlendo amakwera ndege nyengo yokumba ikatha. Kwawoko, chomwe chingamukhudze ndi yunivesite yake ndi bungwe lake. Ngati mabungwewo salandira dandaulo la munthu yemwe si membala, kapena ngati fomu yake ili m'Chingerezi pa intaneti pokha, chitetezocho n'cha dzina chabe.

Apa boma lili ndi chida chomwe SAA ilibe. Pansi pa lamulo la Monuments and Relics Act palibe wololedwa kufukula popanda chilolezo. Chilolezocho chikhoza kunyamula zofunika zomveka: kuti mtsogoleri wa gulu aonetse mfundo za makhalidwe zomwe zimamumanga ndi bungwe lomwe lingamulange, kuti aliyense pamsasa auzidwe m'chiyankhulo chake komwe angakadandaule kupatula kwa mtsogoleriyo, kuti mafumu ndi anthu a m'deralo afunsidwe manda asanakhudzidwe, ndi kuti chilichonse chotuluka m'dziko kukapimidwa chikhale ndi tsiku lobwerera. Anansi athu a ku Zambia akudziwa mtengo wa kusowa pangano lotere. Chigaza cha munthu wakalekale chomwe chidapezeka mumgodi wa Broken Hill ku Kabwe mu 1921 chidapita ku London, ndipo ngakhale Zambia yakhala ikuchipempha kwa zaka zambiri, chikusungidwabe ku Natural History Museum.

Phunziroli silikuthera pa ofukula zakale. Mabungwe a akatswiri achuluka m'mizinda yathu, ndipo pafupifupi lililonse lili ndi kabuku ka makhalidwe kosindikizidwa bwino. Membala aliyense angachite bwino kulifunsa bungwe lake mafunso ochepa. Kodi dandaulo limapita kwa yani ngati wodandaulidwayo ndi wapampando kapena mnzake wapamtima? Pali masiku angati oti yankho liperekedwe? Ndani ali ndi mphamvu yochitapo kanthu nthawi yomweyo pomwe komiti singakumane? Kodi mamembala angasinthe malamulo popanda chilolezo cha komiti yaikulu? Ndipo m'zaka zisanu zapitazi, ndi madandaulo angati adalandiridwa, nanga adatha bwanji? Bungwe lomwe limayankha monyadira kuti silidalandirepo dandaulo ndi limodzi lomwe liyenera kudzifunsa ngati chitseko chake chimatseguka n'komwe.

Ntchito yofukula ili ndi chinthu chimodzi chomwe ophunzira amauzidwa tsiku loyamba: malo akakumbidwa sangakumbidwenso kachiwiri, chifukwa kukumba n'kuwononga. N'chifukwa chake dziko limapereka chilolezo kwa anthu ochepa okha, powakhulupirira kuti adzalemba zoona pa zomwe adaona pomwe padalibe wina wowayang'anira. Chikhulupiriro chimenecho n'chomwe SAA idaika pachiswe ku Albuquerque. Anthu akaona kuti bungwe lalephera kuteteza amayi atatu amoyo, omwe adali ndi chigamulo cha yunivesite m'manja, amayamba kukayika ngati lingasamale mafupa a akufa omwe sangadandaule. Mfundo za 2024 zalembedwa ndipo malamulo adasinthidwa, koma mayeso ake enieni adzafika tsiku lomwe dzina lodandaulidwa lidzakhale la munthu wokondedwa ndi bodi, wobweretsa ndalama ndi ulemu kubungwe, ndipo wodandaula adzakhale wophunzira yemwe palibe akumudziwa.